Boti Langa Likusanza Petulo

Lolemba, 6 Okutobala

Andilanda kiyi wa thanki. Boti langa, thanki yanga, kiyi m'thumba mwa mkamwini.

Dzulo masana, pabalaza panga pomwe. Mwana wanga wamkazi uku, mwamuna wake uku. A Geji. Dzina ndinawapatsa ndine, poti sakhulupirira chinthu chopanda kamuvi koloza manambala. Amayi akunyumba pakhomo la kukhitchini, manja m'chiuno, osanditeteza ngakhale ndi chifuwa chokha.

Mlandu ndi wa Loweruka, pomwetsera mafuta. Kachitatu tsopano, sindikukana. Boti pa ngolo, ngolo kumbuyo kwa galimoto ya a Geji, ine pamwamba, mlomo wa pampu m'manja, monga ndachitira zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mwadzidzidzi paipi yolowera mafuta yasanza. Petulo mpaka m'chigongono, m'mbali mwa boti yoyoyo, pa simenti thapsa. Nsapato za mayi wa pa pampu zanyowa. Bwana wa pamalopo kutuluka ndi ndowa ya mchenga, kutseka mapampu onse. Magalimoto mzere mpaka kumsewu. Wa lole wina kukuwa kuti madalawa atiwotcha amoyo.

Bwanayo anati likadzatayanso, botili lisadzapondenso pamenepo. Ndipo panjira ya ku damu palibenso pena pomwetsera.

Chigamulo cha a Geji: makutu anga atha. Ndimadzaza thanki pomvetsera, kumva kwapita, ndiye nkhani yatha. Mwana wanga: "Bambo, sitikufuna kudzakutolani muli makala." Makala. Ine amene ndinamuphunzitsa kuyatsa machesi.

Choipa, mapepala a boti ali m'dzina la mwanayo. Sukulu sindinaiponde. Zilembo ndinazitola pa migolo ya mafuta ndi pa nambala za magalimoto, ndili ndi ndevu kale. Tsiku logula boti kwa mabwana anga akale, mafomu a ku ofesi anandikulira, ndinati mwana wanga, lemba iwe. Ndinkati ndachenjera. Lero ndi iye wonena kuti boti liyende kapena ligone.

Ndinangodzuka n'kukakhala m'botimo mpaka atapita.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndilembe mmene thanki imadzazidwira, poti m'nyumba muno palibe wofunsa.

Injini yozimitsa. Wosuta fodya apite kutsidya kwa msewu. Sanza yokulunga pakamwa pa paipi. Mlomo wa pampu ukhudze chitsulo, usalendewere. Kufinya theka lokha, osati mpaka kumapeto ngati ukuthirira dimba. Thanki ya boti si ya galimoto. Ndi yaitali, yogona pansi pa matabwa opondapo, ndipo mpweya wake umatulukira pa kabowo kamodzi m'mbali, kochepa ngati mphuno ya mwana. Ukaithamangitsa imatsamwa.

Kenako khutu. Poyamba thanki imalira pansipansi, ngati mgolo wopanda kanthu. Ikamadzaza mawu amakwera, amawonda, ngati botolo likafika m'khosi. Ukangomva kulira kowondako, siya. Usawonjezere. Petulo amafufuma padzuwa, amafuna malo a zala zinayi. Pampu imadziletsa yokha pa galimoto, inde, koma pa boti imadzakumbuka zinthu zitatayika kale.

Zaka zonsezi osataya ngakhale supuni. Mabwana anga aja, oyeza madzi a m'damu, ankabweretsa alendo kudzangoonera. Ndiye lero akuti khutu.

Maulendo atatu onsewa thanki sinalire. Inangosanza osachenjeza. Ndawauza. A Geji anangomwetulira kumbali, kumwetulira kwa anamwino.

Amayi akunyumba akuti m'mawa anandiitana katatu kuti tiyi wazizira. Ndinali kuganiza. Munthu asaganizenso?

Asodzi anga awiri a mbedza, aphunzitsi opuma aja, aimba foni kufunsa za Loweruka. Ndati injini ikufuna kuonedwa. Bodza loyamba pa boti limeneli. Ndipo Loweruka likapanda ulendo, mlungu wonse m'nyumba muno ndiwo ndi masamba.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndinadzuka ndili ndi wolakwa kale m'mutu: mavu. Aja omanga ndi dothi. Amakonda kabowo kopumira, amakamata, thanki n'kusowa potulutsira mpweya. Zinandichitikirapo kamodzi kale, mvula itangotha.

Ndamasula kasefa ka pakabowo. Koyera. Ndazula kapaipi kake, ndauzira ndi pakamwa. Mpweya kudutsa bwinobwino. Ndauziranso mwaukali, petulo wotsalira n'kundibwerera pa lilime. Tsiku lonse tiyi akukoma galaja. Mavu alibe mlandu. Ndinakhumudwa, kunena zoona. Ndinali nditakonza kale mawu okawauza a Geji, dothi lili m'manja.

Ndiye pampu. Ndati mwina anasintha makina, akuthamanga kuposa kale. Ndayenda wapansi mpaka pomwetsera mafuta, dzuwa lili paliwombo, chipewa ndaiwala.

Mayi wa pa pampu wavala nsapato zina. Sanandikalipire, ndiye zinandivuta poyambira. Ndati pampu yanu yapenga. Iye akuti pampu ndi yomweyo chiyambire iye ntchito, zaka zisanu ndi zitatu, ndipo maboti ena awiri amamwa pomwepo osatsokomola. Ndati maboti amenewo ndi mabeseni. Waseka. Kenako akuti, "Koma agogo, boti lanu masiku ano limabwera litadzutsa mutu ngati tambala wofuna kulira. Kale silinkatero."

Ndamuyankha kuti boti langa ndimalidziwa kuposa mmene iye amadziwira nkhope yake. Adzandiphunzitse za tambala. Munthu sanapondepo m'boti chibadwire.

Pobwerera njinga yamoto inangotsala pang'ono kundikolopa. Akuti anaimba hutala. Saimba anthu amenewa, amangonena.

A Geji atumiza uthenga kudzera kwa mkazi wawo, ngati ine ndilibe foni. Apeza munthu. Woyendetsa maboti wa satifiketi. Loweruka iyeyo ndiye adzamwetsa mafuta ndi kutenga aphunzitsi anga kupita nawo pamadzi. Ine ndipume. Ndikapume kuti? Pakhonde, kuwerenga nkhuku za aneba?

Loweruka, 11 Okutobala

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anabwera sikisi koloko. Wa satifiketi: munthu wamkulu ndithu, mimba patsogolo, magalasi akuda m'mawa dzuwa lisanatuluke. Anandipatsa moni wa zala ziwiri. Anakola ngolo, ananyamuka. Ine anandisiya pageti ngati tsache.

Sindinatsatire. Ndinangopita kukagula machesi ku golosale yoyang'anizana ndi pomwetsera mafuta. Machesi a kumeneko ndi abwino.

Ndinaona zonse. A Geji m'boti, maso pa geji, chala m'mwamba ngati woimbitsa kwaya. Wa satifiketi pa paipi, wafinya mpaka kumapeto, akucheza ndi wa takisi. A Geji kukuwa kuti ikadali theka ndi pang'ono, pitirizani. Mawu asanathe, phwii! Osati mpaka m'chigongono ngati ine. Kumaso. Magalasi, malaya, mimba yonse. Munthu kudumpha pa ngolo akupukuta m'maso, a Geji kuima njo, chala chikadali m'mwamba.

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka wa golosale anandipatsa mpando. Makutu a satifiketi. Makutu a zaka makumi anayi, awiri onse amoyo.

Kuseka kunathera pomwe bwana wa pamalopo anatuluka. Mchenga, mapampu kutseka, ndipo ulendo uno sanakuwe. Analoza boti, analoza msewu. Basi.

Aphunzitsi anga anadikira ku damu mpaka naini, kenako anakwera boti la mnzanga Wandevu, beseni lake lodontha lija.

Boti labwerera pabwalo likununkha. Ndatsegula matabwa onse, ndapukuta pansi, ndalisiya lipume mphepo. Ndauza amayi akunyumba mbaula ipite kuseri kwa nyumba mpaka mawa. A Geji sanatsike n'komwe m'galimoto. Amene anamasula ngolo ndi wa satifiketi uja, maso ali psuu, osandiyang'ana.

Ndinkadikira mawu amodzi okha. Pepani bambo, si makutu anu. Sanabwere.

Lamulungu, 12 Okutobala

Abwera mawu ena.

Mwana wanga yekha, madzulo dzuwa likadalipo, atanyamula buledi ngati wodzaona wodwala. Akuti a Geji afunsa makaniko wina pa foni, makaniko osaliona n'komwe boti, ndipo akuti thanki inawola m'kati. Kuichotsa n'kuphwasula pansi ponse. Sizingatheke. Ndiye agwirizana: boti ligulitsidwe lisanaphe munthu. Wogula alipo kale, mnzawo wa kuntchito, akufuna injini yokha. Thupi lake adzaona chochita. Mwina khola la nkhuku.

Wogulayo abwera Loweruka, teni koloko.

Ndati thanki imeneyo ndi ya aluminiyamu, ndinaiika ndekha, singawole ngakhale iwe utakhala agogo. Iye akuti, "Bambo, poyamba munati mavu. Kenako munati pampu. Ife tatopa kugona ndi mtima m'mwamba." Analira pang'ono. Chibwano chake chimanjenjemera ngati cha mayi ake.

Ndikanati chiyani? Chifukwa chimene thanki ikusanzira sindikuchidziwa. Ichi ndalemba muno mokha.

Buledi sindinadye.

Lachitatu, 15 Okutobala

Mwendo wanga ndi wanzeru kuposa banja lonseli, ine ndemwe ndili momwemo.

A Geji anabwera masana kudzajambula boti, wogula aone. Anaimika galimoto pabwalo. Ine kudutsa kumbuyo kwake ndi ndowa, maganizo ali kwina, gu! Kampira kachitsulo kokolapo ngolo. Ndinatukwana, ndinagwira pomwe papwetekapo. Pamwamba pa bondo. Pantchafu.

Ndinaima. Pikiapu yanga yakale, ija inafa mu Ogasiti, kampira kake kanandimenya zaka makumi awiri malo amodzi: pansi pa bondo, pamsongolo. Chipsera chilipo, chakuda, tsitsi silimerapo. Ndinakweza buluku pomwepo. Kuchokera pachipsera kufika pomwe pakupweteka lero, chikhato chathunthu ndi zala zitatu.

Ndipo boti linayamba kusanza liti? Ogasiti. Loweruka loyamba kukokedwa ndi galimoto yaitali ya a Geji.

Atangopita ndinapukusa kathayala ka jeke kutsogolo kwa ngolo, kukweza mpaka mutu wa ngolo ufike pantchafu pomwe pali chotupa. Ndinatenga botolo, madzi theka, ndinaligoneka pa matabwa pamwamba pa thanki. Madzi onse kuthawira kumbuyo, mpweya kutsogolo. Ndinatsitsa mpaka pachipsera. Madzi kugona bwinobwino, mpweya pakati.

Ndiye nkhani yake ndi iyi. Paipi yolowera mafuta ndi kabowo kopumira, zonse zili kumbuyo kwa thanki. Boti likadzutsa mutu, petulo amaunjikana kumbuyoko, amatseka pakamwa ndi mphuno pomwe thanki isanadzaze. Mpweya wa kutsogolo ulibe kolowera. Umapanikizika, umapanikizika, kenako umakankha. Thanki sichenjeza, chifukwa sinafike polira. Ndipo geji siinaname, inalidi theka ndi pang'ono.

Miyezi iwiri ndakhala ndikuona kuti popondera pa ngolo pakwera. Ndinkati ndi mawondo.

Tambala wofuna kulira. Mayi uja. Ndipo ine ndinamuuza za nkhope yake.

Ndaimbira a Geji kawiri. Sakuyankha. Ndasuzumira chithunzi m'mutu: chokokera chawo chili ndi mabowo atatu, anamanga pa lapamwamba kuti chisamakhule pa chitunda cha pageti pawo. Mabawuti awiri. Boti langa likupita kukasunga nkhuku chifukwa cha mabawuti awiri.

Lachinayi, 16 Okutobala

Botolo si umboni kwa anthu a sukulu. Ndinati ndiyese ndi petulo weniweni.

M'mawa ndapita ndi chigubu chachitsulo pa wilibala. Mayi wa pa pampu anandithirira osafunsa. Sindinapepese. Ndinangomuuza kuti ali ndi maso. Ndinamufotokozera za kampira, anamvetsa msanga kuposa mmene a Geji adzamvere. Analowa mu ofesi, anakhalamo nthawi, anatuluka. Akuti bwana walola kamodzi kokha: Loweruka seveni isanakwane, magalimoto asanachuluke, ndowa ya mchenga pambali, ndipo boti lidzabwere litagona. Likadzataya dontho, iyenso ntchito ili pamoto, chifukwa wandiimira.

Kiyi ali kwa a Geji, inde. Chivindikiro chimenecho chimatseguka ndi pulayala kuyambira kalekale. Sindinaone chifukwa chowauzira.

Pabwalo, ngolo pa jeke, botolo likuti zili bwino. Mbaula yozima. Fanelo, sanza. Amayi akunyumba pansi, atagwira chigubu kumunsi kuti chisanditeremuke, nkhope atatembenuzira kumbali, poti fungo la petulo amadana nalo chikwatirane.

Ndinathira pang'onopang'ono. Akulowa. Osatsokomola, osabwerera. Ndinadutsa pomwe imasanzira, akulowabe. Mtima wanga kuvina. Ndinatsamira, khutu lakumanzere pa paipi monga mwa masiku onse, kudikira kulira kowonda kuja.

Zii.

Ndikuthirabe. Zii.

Amayi akunyumba: "Inu, siyani! Simukumva? Ikulira ngati ketulo."

Ndinasiya. Ndinasuzumira m'paipi. Petulo akunyezimira pafupi, zala ziwiri kuti atuluke. Iwo ali pansi, mikono iwiri kuchokera pa paipi, nkhope kumbali, amva. Ine khutu lili pachitsulo penipeni.

Ndinatembenuka, ndinaika lakumanja, ndinadontheza pang'ono. Kulira kulipo, koma kutali, ngati kwa m'nyumba ya aneba.

Ndinati ndinamva, ndimangofuna kuona ngati iwo akutchera khutu. Anandiyang'ana. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi akundiyang'ana choncho. Anatenga chigubu, anakachiika mumthunzi, anafunsa ngati ndimwe tiyi. Anafunsira kumanja kwanga. Ndazindikira lero kuti akhala akuimira kumanja kwanga kuyambira chaka chatha.

Ndapopa malita angapo kubwezera m'chigubu, thanki ikhale ndi malo Loweruka.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndiye tonse tinalondola. Zowawa kwambiri ndi zimenezo. Thanki ndi yabwino, cholakwa ndi galimoto yawo. Khutu ndi lakufa, cholakwa palibe.

Ndayesa ndekha m'chipinda. Wotchi ya pamkono kumanja: ikugunda. Kumanzere: chitsulo chozizira basi. Njinga yamoto ija mwina inaimbadi.

Ndaimbira mwana wanga. Ndamuuza za kampira, za botolo, za chigubu chonse chimene chalowa osabwerera. Akuti, "Bambo, mwayambanso." Ndati funsa mayi ako. Mayi ake anatenga foni, ananena zonse mmene zinayendera, mafuta analowa, sanatayike. Za ketulo sanatchule. Anandibwezera foni osandiyang'ana.

Mwanayo akuti auza mwamuna wake akaweruka. Mwamuna wakeyo foni yanga sakuyankhabe. Kanayi lero. Manyazi a Loweruka lija akadali nawo, ndikudziwa, ndi munthu wosakonda kusekedwa. Tikufanana pamenepo, n'chifukwa chake sitimvana.

Wogula mawa teni koloko. Bwana wa pomwetsera mafuta, seveni isanakwane. Mayi wa pa pampu waika ntchito yake pa mawu anga. Ndekha ndingathe kugoneka boti, kufinya theka, kuwerenga malita pa pampu. Koma posiyira penipeni pamafuna khutu, ndipo amayi akunyumba pa ngolo sangakwere, chiuno chija.

Chidutswa cha m'munsichi ndiching'amba, amayi akunyumba akachipereka kwa a Geji pamanja, poti foni yakanika.

Inu a Geji, akamwini anga. Mawa hafu pasiti faifi mukhale muli pageti langa, ndi sipanala yaikulu ndi kiyi wanga. Chokokera chanucho mutsitse mpaka bowo la pansi, ine ndikuonerera. Mnzanu wa nkhukuyo mumuimbire lero lomwe, asawononge mafuta ake kubwera kuno. Wa magalasi uja musabwere naye. Pa pampu mlomo ndigwira ndine. Inu mukwere m'boti, geji muisiye, mugwade pafupi ndi paipi, kumanzere kwanga. Mukamva ikulira ngati ketulo, mundigwire paphewa.

Musandifunse chifukwa.